Mapiritsi Si Mchere

1. Natulo

Páscoa anali mtsikana wa tulo. Ankasinza m'kalasi, ankasinza m'tchalitchi, ndipo tsiku lina anagona chiimire pamzere wa kuchigayo mpaka mayi wina anachita kumugwedeza phewa. Anzake a m'kalasi la désima, lomwe ndi chaka chakhumi cha sukulu, anam'patsa dzina loti Natulo. Iye sankalimbana nawo. Kulimbana kumafuna mphamvu, ndipo mphamvuzo ndi zimene analibe.

Tuloto sitinali taulesi. Páscoa anali ndi khunyu, matenda a kugwa aja. Ulendo womaliza anagwera pamoto akukazinga chimanga, ndipo chipsera chinatsala pamkono wamanzere, kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Kuchokera pamenepo bambo ake, a Gervásio, ankapita naye mwezi ndi mwezi kuchipatala chaching'ono cha kumunsi kwa phiri, chimene anthu amati posto, kukatenga mapiritsi oyera otchedwa fenobarbital. Ankamwa limodzi madzulo alionse. Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa, Páscoa osagwanso. Koma mutu unkangokhala wolemera ngati thumba la nyemba zonyowa.

Tsopano mayeso a boma, amene kuno amati ezame, anali pakhomo. Wokhoza ankapitiriza sukulu ku Ulongwe. Wolephera sankachita kuuzidwa kumene khasu limakhala. Páscoa ankatsegula buku n'kuwerenga mizere iwiri, wachitatu n'kumauona ukusambira. Akadzidzimuka ankapeza tsaya lili patsamba, nkhuku zitalowa kale m'nyumba.

2. Pirira

Tsiku lokatenga mapiritsi litafika, Páscoa analimba mtima. Namwino wa pachipatalapo anali a Benedita, mayi wamkulu wa mapazi otupa, amene ankaoneka kuti nawonso tulo tabwino anatiwona kalekale.

"A enfermera, ezame yayandikira ndipo ine ndikungogona," anatero Páscoa. "Sindingapumeko mwezi umodzi wokha?"

A Benedita anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Funsoli analimva kwa anthu ambiri.

"Ababa akowa akamatsika chitunda ndi matumba a kachewere panjinga, amatani?"

"Amagwira mabuleki."

"Ubongo nawo uli ndi mabuleki ake. M'mutumu muli timaselo tambirimbiri totumizirana mauthenga. Uthenga wina umati thamanga, wina umati ima kaye. Wa ima kayewu m'mabuku timautcha GABA. Pa kaselo kalikonse pali timakomo tating'onoting'ono. GABA akagogoda, timakomoto timatseguka pang'ono, kaselo kaja n'kudekha. Mwa iweyo nthawi zina timaselo timalusa tonse pamodzi, mabuleki n'kulephera. Kumeneko ndiye kugwa. Tsono piritsili silipanga makomo atsopano ayi. Limangogwirizira kakhomo kuti kasatsekeke msanga GABA akagogoda. N'chifukwa chake sugwa, ndipo n'chifukwa chakenso umasinza. Ntchito yake ndi imodzi yomweyo."

Páscoa anayang'ana pansi. A Benedita anam'kweza chibwano ndi chala.

"Ndiyang'ane, pakuti apa mpamene ambiri amaphonya. Ubongo wako wazolowera kutsamira pa piritsili. Ukalisiya mwadzidzidzi, masiku oyamba udzamva kupepuka, udzati ndachira, chifukwa mankhwalawa amachedwa kuchoka m'magazi. Kenako kugwa kudzabwera kwaukali kuposa kale, mwina kotsatizana, kosakupatsa mpata wotsitsimuka. Ena amapita nako kumeneko. Chinanso, usagawireko munthu. Mlingo uwu tinayeza pathupi lako. Kwa mwana wamng'ono ngwochuluka, ndipo mabuleki akagwiritsa amaimitsa ndi kupuma komwe. Kwathu kuno timabwerekana mchere, khasu, mbewu ya nyemba, ngakhale chitenje chovala ku ukwati. Koma mapiritsi awa si mchere. Ezame ikatha ndidzakutumiza kwa adokotala ku Ulongwe akaone ngati angakusinthire ena osagonetsa kwambiri. Panopa pirira."

Pirira. Liwu limeneli Páscoa analimva kwa ansembe, kwa aphunzitsi, kwa aliyense amene analibe china chom'patsa. Analandira kathumba ka mapiritsi n'kuthokoza ndi manja awiri.

Pobwerera, a Gervásio ankakankha njinga pachitunda, mwana wawo akutsatira pambuyo. Analankhula osacheuka.

"Wamva, mwanawe? Ine sukulu sindinapite nayo patali, za timakomozo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija ndinakutola pamoto ndi manja awa, anthu ataima patali ngati akuonera gule. Palibe anakukhudza, ati thovu limapatsira. Ena anandiuza kuti wakugwa akapsa ndi moto sachiranso, ndisavutike. Ndinavutika, ndipo lero ukuyenda wekha. Mawa ndinyamuka ndi kachewere wa anthu, ndipo ndizigonera ku Kalomwe komweko mpaka matumba atatha. Sindikhalapo kuti ndizikufunsa ngati wamwa. Ezame ukalephera udzalembanso chaka chamawa. Koma ine mwana wina ndilibe."

"Ndamva, ababa," anayankha Páscoa, uku akuyasamula.

3. Mbale yovundikira

A Gervásio atachoka, kunabwera azakhali a Teodora, mlongo wawo, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula kambale kovundikira ndi kansalu, monga amachitira munthu wodzapempha mchere.

Páscoa anadabwa, chifukwa azakhaliwa sankalowa m'nyumbamo wamba. Ndi iwo amene anamulera amayi ake atamwalira iye ali khanda. Koma ndi iwonso amene, matenda atayamba, anam'patulira kapu yakeyake n'kuimangirira kachingwe kofiira kuti ana ena asamwere. A Benedita analankhula mpaka kukhosi kuuma kuti matenda a khunyu sapatsirana, koma kachingwe kaja sikanachoke.

A Teodora anakhala pamphasa, n'kuyang'ana kukhomo, kenako n'kutsitsa mawu.

"Iwe, Dalila wagwa."

Dalila anali mwana wawo womaliza, kamtsikana ka zaka zisanu, kokonda kuthamangitsa mbuzi.

"Wagwa bwanji, azakhali?"

"Ngati iwe. Maso kutembenuka, thovu kukamwa. Aka n'kachiwiri. Palibe waona, ndinam'tsekera m'nyumba."

"Tiyeni naye ku posto mawa. Mwina ndi malungo chabe. A enfermera amati ana ena amakomoka thupi likatentha kwambiri."

A Teodora anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ku posto? Ukudziwa amene amagulitsa zitumbuwa pageti pomwe paja? Mkazi wa a Paulino. Maso ake amawerenga aliyense wokhala pabenchi la anthu akugwa. Ndiye aone ine ndakhala pamenepo ndi mwana, pomwe mwana wawo akufuna kukwatira Sónia wanga? Ng'ombe za malowolo zibwera tikangobzala. Za iwe anafunsa kale, ndinawauza kuti zinachokera kuchimayi kwako. Akamva kuti ziliponso m'nyumba mwanga, Sónia akalambira pakhomo. Ng'ombe zikangolowa m'khola ndipita naye ku posto, ndikulumbira. Panopa ndigawireko timapiritsi tako."

"A enfermera anakaniza, azakhali. Anati mlingo wake..."

"A enfermera? Ndiwo anakubereka kumsana amayi ako atatisiya? Ndiwo ankakutafunira mbatata ulibe mano? Msana uwu unapindika ndi iwe. Sindinabwerepo pano kudzapempha kanthu, lero ndi loyamba. Chibale ndi fupa, mwana wa achimwene, sichiola. Mlongo wa bambo ako akugwada, iwe n'kumunena za mlingo?"

Ndipo anagwadadi. Mayi wamkulu, mutu wa imvi, maondo pansi pamaso pa mwana.

Páscoa anawamvera chisoni, zimenezo n'zoona. Anachitanso manyazi, pakuti mwana sakaniza wamkulu chinthu chimene chili m'manja. Koma tinene zonse. Pansi pa chisonicho panali kachimwemwe kakang'ono. Nthawi yonseyi ankafuna chifukwa chopumira mapiritsi, ndipo lero chifukwacho chinabwera chokha, chitavala nkhope ya chifundo. Anayang'ana mabuku ali pampando. Anayang'ana kathumba kali pazenera.

Sanagawe pakati. Anakhuthulira onse m'kambale kaja.

"Mulungu akudalitse," anatero a Teodora. Anavundikira kambaleko ndi kansalu, n'kusamala kuti zala zawo zisakhudzane ndi za Páscoa. Potuluka anapatsa moni mayi wina wodutsa, n'kudandaula mokweza kuti mchere sukhalitsa masiku ano.

4. Mutu wopepuka

Masiku otsatira anali okoma, ndipo kukana kungakhale kunama. Chifunga chinachoka m'mutu mwa Páscoa pang'onopang'ono. Anawerenga tsamba lathunthu, kenako mutu wathunthu. M'kalasi anakweza dzanja n'kuyankha funso la masamu limene linagonjetsa anyamata a kutsogolo.

"Natulo wadzuka!" anafuula wina, kalasi lonse n'kuwomba m'manja.

Páscoa anaseka nawo. Anali ataiwala kuti kuseka kumamveka bwanji mutu uli wopepuka. Pobwerera kunyumba anapalasa njinga yake ya kusukulu mpaka pamwamba pa chitunda osatsika.

Koma sabata isanathe bwino, zinthu zinayamba kusintha. Manja ankanjenjemera akagwira cholembera. Tulo tija tinathawiratu, ndipo kunkacha iye ali maso, thupi lili lefu kuposa kale. Tambala akalira ankamva ngati walirira m'khutu mwenimweni. Anakalipira mnzake chifukwa cha labala.

Nako kunyumba ya azakhali kunali zii. Mbuzi zinkadya nyemba za padimba popanda wozithamangitsa. Tsiku lina Páscoa anaona Dalila akutuluka pakhomo akudzandira ngati munthu wochokera ku mowa. Anayenda pang'ono n'kukhala pansi, mutu uli pendeke.

"Azakhali, mukum'patsa angati?"

"Limodzi m'phala la m'mawa, lina madzulo. Akanjenjemera ndimawonjezera," anayankha a Teodora monyadira. "Taona, sanagwenso. Akugwira ntchito."

"Koma ine wamkulune ndimamwa limodzi lokha."

"Matenda ako ndi akale, anazolowera. A mwanayu ndi atsopano, ngaukali. Kachewere akagwidwa chiwawu timapopera kamodzi?"

 Kwa Páscoa, kunena zambiri kukanatanthauza kuitanitsa mapiritsi aja, kubwerera ku tulo, ndi kukaulula kwa a Benedita. Mayeso anali sabata yamawa. Anadziuza kuti alankhula akangolemba pepala loyamba, n'kubwerera ku mabuku ake.

5. Pachitunda

Lamulungu m'mawa mudzi unatsala wopanda anthu. Onse anapita ku Misa ku Fonte Boa, ena pansi, ena panjinga. Páscoa anatsala kuti awerenge, ngakhale kuti mutu unkagunda ndipo zilembo zinkamulasa m'maso.

Chitseko chinatseguka popanda odi. A Teodora anaima pakhomo opanda mpango kumutu, opanda mbale m'manja.

"Sakudzuka."

Dalila anali gone pamphasa. Páscoa anamuitana, anam'gwedeza, anam'tsina pamkono. Mwanayo anangobuula pang'ono. Milomo inali itada. Ankapuma kamodzi, n'kukhala, n'kukhala, mpaka munthu kuyamba kuwerenga mumtima, kenako n'kupumanso. Mawu a a Benedita anabwera okha, onse, ngati akuwalankhula pomwepo.

 Páscoa analankhula mwamphamvu, mwa njira imene sanalankhulepo kwa wamkulu.

"M'berekeni. Tengani mapiritsi otsalawo, tikawaonetse. Tikupita ku posto pompano."

A Teodora sanatsutse. Anabereka mwana, namanga mapiritsi pa nsonga ya chitenje, n'kukhala pakaliyala ya njinga. Koma atafika pamphambano anagwira Páscoa malaya.

"Tidzere ya m'mabulugamu. Kumsewu kuli maso."

"Ya m'mabulugamu ndi yozungulira, azakhali. Maso aone."

Anakhotera kumsewu waukulu. Chitunda cha pamenepo n'chachitali, cha miyala, ndipo chimatsika mokhotakhota mpaka pamlatho. Njinga yolemedwa ndi anthu atatu inayamba kuthamanga yokha. Mphepo yozizira inkawomba kumaso. Kumunsi kwenikweni, patali, denga la chipatala linkanyezimira.

Ali pakati pa chitundacho, Páscoa anamva fungo la mphira wopsa.

Anayang'ana matayala. Panalibe chopsa. Kenako chinthu china chinanyamuka m'mimba n'kuyamba kukwera chapachifuwa, pang'onopang'ono. Ankachidziwa. Chinabweranso chimodzimodzi tsiku la chimanga chokazinga lija, ndipo sichinkapereka nthawi yaitali.

Anafinya mabuleki ndi manja onse awiri. Njinga inalira, inaterereka pamiyala, n'kuima m'mbali mwa msewu.

"Waimiranji? Mwana akufa!"

"Tsikani, azakhali. Chikubwera."

"Chiyani?"

"Changa chija. Sindinamwe chiyambire tsiku lija. Ndinakupatsani onse."

A Teodora anatsika n'kubwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa. Páscoa anagoneka njinga, n'kudzikokera paudzu, kutali ndi miyala. Lilime linayamba kulemera, choncho analankhula msangamsanga.

"Musandiike kanthu m'kamwa. Musandipanikize. Chikatha mundigoneke chammbali. Mutu wokhawu muugwire usamenye pansi. Sizipatsirana, azakhali. Sizinapatsiranepo."

A Teodora anangoima. Kumsana kunali mwana amene ankapuma mwa apo ndi apo. Patsogolo panali mwana wina amene anamulera okha, koma sanam'khudze kwa zaka zitatu. Njinga sankadziwa kupalasa. Chipatala chinali kutali kwa munthu woyenda pansi.

Pamenepo kunamveka kulira kwa magudumu ndi mluzu wa munthu woyendetsa ng'ombe. M'kanjira kochokera kumadimba munkatuluka ngolo. Páscoa anaizindikira ndi ng'ombe yake ya nyanga imodzi. Inali ya a Paulino, amene amapemphera Loweruka, ndipo Lamulungu kwa iwo ndi tsiku la ntchito. Mkazi wawo wa zitumbuwa uja anakhala pamwamba pa matumba. A pangolopo sanawaone atatu aja. Ngoloyo inkakhotera kwina, ndipo ikanangodutsa kuseri kwa mitengo pokhapokha wina ataikuwira.

"Aitaneni," anatero Páscoa. Mawu anatuluka aang'ono, ophwanyika. "Azakhali, aitaneni."

Anaona a Teodora akuyang'ana ngolo, akuyang'ana iye. Kenako mitengo inapendekeka, thambo linachita mdima kuyambira m'mbali. Chomaliza chimene anamva chinali dzanja lokhakhala, lonunkhira utsi, likulowa pansi pa mutu wake.

Ngati azakhali anaitana ngolo ija, Páscoa sanamve.